Nyali ya ABS yayaka pa thiraki: musanagule module, yezani izi

Funso ili limabwera mobwerezabwereza: nyali ya ABS yayaka, makina owerenga makhodi aonetsa kuti vuto lili mu module, kodi ndigule ina? Dikirani kaye. Module ndi chipangizo chodula kwambiri pa ABS yonse (dongosolo loletsa mawilo kukhwekhwereza mukaponda buleki), komanso ndi chomwe chimanamiziridwa kawirikawiri. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala waya wa earth wochita dzimbiri, sensa yomwe yatalikira mphete yake, kapena kapini ka mu pulagi komwe kasiya kugwira. Module ikalandira magetsi operewera imasokonezeka n'kulemba khodi yodzinenera yokha. Mukamangirira yatsopano pa mawaya omwewo, nayonso idzalemba zomwezo.

Tigwirizane kaye pa mawu. Module, ECU ndi EBCM ndi chinthu chimodzi, kabokosi ka kompyuta komwe kamawerenga liwiro la wilo lililonse n'kulamula mavalavu kuti amasule buleki ya wilo lomwe likufuna kukhwekhwereza. Sensa imayang'anizana ndi mphete ya mano yomwe imazungulira pamodzi ndi habu, ndipo pa mathiraki akuluakulu mpheteyi kawirikawiri imakhala ya mano 100. Mukaona 4S/4M pa module, ndiye kuti ndi ya masensa 4 ndi mavalavu 4. 6S/4M ndi ya masensa 6 ndi mavalavu 4. Earth ndi waya wobweza magetsi ku chassis kapena ku negative ya batire.

Mitundu ilipo iwiri. Pa mathiraki a mabuleki a mpweya, module imakhala payokha mu kabu kapena pa chassis, mavalavu ali kufupi ndi mawilo, ndipo mayina omwe mudzawaone ndi WABCO, Bendix, Knorr-Bremse, komanso Haldex makamaka pa ngolo. Pa mathiraki ang'onoang'ono ndi mapikapu a mabuleki a mafuta, module imamangidwa pa chipika cha aluminiyamu momwe muli mavalavu ndi pampu, ndipo opanga odziwika ndi Bosch, Kelsey-Hayes ndi ATE.

Mukhale ndi mita yowerenga DC, AC ndi ma ohm, babu la nyali yakutsogolo lolumikizidwa ku mawaya awiri, chithunzi cha mawaya cha thiraki yomweyo, jeke ndi zochirikizira, komanso makina owerenga makhodi a ABS. Timakina totchipa towerenga injini yokha sitiona ABS.

1. Tchingani mawilo, kenako onani khalidwe la nyali

Imikani thiraki pamalo athyathyathya ndi kutchinga mawilo kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa patsogolopa mudzamasula buleki yoimikira kuti muzungulitse wilo. Musamasule valavu kapena payipi ya mpweya matanki asanatulutsidwe mpweya wonse.

Tsegulani kiyi osaliza injini. Nyali yachikasu ya ABS iyenera kuyaka masekondi ochepa n'kuzima. Ikapanda kuyaka n'komwe, kayikirani babu lopsa kapena lochotsedwa dala ndi wina amene anatopa nalo. Ikayaka n'kukhala chiyakire musanasunthe, kawirikawiri vuto ndi la magetsi: waya woduka, shoti, fyuzi kapena earth. Ikazima bwinobwino n'kudzayaka thiraki itayamba kuyenda, module sikukhutira ndi zomwe sensa ikutumiza, choncho ganizirani za mpata wa sensa, mphete kapena beringi. Yoyaka pa mabampu okha ikuloza waya kapena pini yogwedera. Yoyaka mvula ikagwa ikuloza madzi mu pulagi.

Ikayaka yachikasu yokha, mabuleki wamba akugwirabe, kungoti mawilo akhoza kukhwekhwereza mukaponda mwamphamvu. Ikayakanso yofiira, thiraki isatuluke. Pa mathiraki ambiri a mabuleki a mafuta module ndi imene imachepetsanso mphamvu yopita kumbuyo, ndipo ikazimiratu, mawilo akumbuyo a thiraki yopanda katundu amagwira msanga n'kuipotoza.

Ngati mukukoka ngolo, onetsetsani kuti nyali yayakayo ndi ya hedi osati ya ngolo. Zulani chingwe cha ABS cha ngolo, chija cha pulagi ya ISO 7638, muone ngati nyali isintha.

2. Lembani makhodi onse musanafufute

Kufufuta makhodi musanawalembe ndi kutaya umboni. Lembani onse, ndipo musiyanitse omwe alipo panopa ndi akale osungidwa.

Mathiraki akuluakulu omwe makompyuta ake amalankhulana m'njira yotchedwa J1939 amapereka manambala awiri. SPN imatchula chipangizo, FMI imatchula mtundu wa vuto. SPN 789 ndi 790 ndi masensa akutsogolo, lamanzere ndi lamanja. SPN 791 ndi 792 ndi a ekiselo yachiwiri. SPN 795 mpaka 798 ndi mavalavu m'ndondomeko yomweyo. SPN 627 ndi magetsi olowa mu module, 639 ndi mawaya a J1939, 629 ndi module yeniyeniyo. Pa FMI, 3 ndi waya wokhudza magetsi, 4 ndi wokhudza earth kapena magetsi otsika, 5 ndi woduka, 6 ndi shoti yokoka magetsi ambiri, 2 ndi uthenga wodumphadumpha, 12 ndi chipangizo chomwe chikudziona kuti chawonongeka mkati.

Pa WABCO ya mtundu wa D kapena E mungawerenge popanda makina. Dinani batani la makhodi kwa sekondi imodzi kiyi ali wotsegula, muwerenge kuphethira kwa nyali. Nambala yoyamba ikakhala 2 ndi valavu, 3 ndi mpata waukulu wa sensa, 4 ndi sensa yoduka kapena ya shoti, 5 ndi uthenga wosakhazikika, 6 ndi mphete, 8 ndi mbali ya module. Yachiwiri imatchula wilo: 1 kutsogolo kumanja, 2 kutsogolo kumanzere, 3 kumbuyo kumanja, 4 kumbuyo kumanzere. Onani bwino gulu la 8: 8-1 ndi magetsi ochepa, 8-2 ndi ochuluka, 8-5 ndi earth. Ndi 8-3 yokha yomwe ikunena za mkati mwa module.

Pa mabuleki a mafuta mudzaona C0035, C0040, C0045 ndi C0050 pa masensa anayi, C0110 pa mota ya pampu, ndi U0121 makompyuta ena akasiya kumva module ya ABS.

Khodi imatchula njira yonse ya magetsi, kuchokera mu module, kudutsa mu mawaya ndi mapulagi, kukafika pa chipangizo. Sikutanthauza kuti chipangizocho chafa. Makhodi ambiri osagwirizana akabwera nthawi imodzi, mavalavu onse anayi mwachitsanzo, n'zokayikitsa kuti onse afera limodzi. Funani chomwe amagawana, ndipo chimenecho ndi magetsi ndi earth.

3. Batire, alternator ndi mafyuzi

Pa thiraki ya 12 V batire lopuma liwerenge 12.4 mpaka 12.6 V, injini ikulira 13.8 mpaka 14.4 V. Pa ya 24 V muyembekezere pafupifupi 25 V itazima ndi 28 V ikulira. Yang'anani mita pamene wina akuliza injini. Batire la 12 V likagwa pansi pa 9.6 V, module ikhoza kulemba khodi ya magetsi ochepa m'mawa uliwonse. Ikaninso mita pa AC, pa mitu ya batire, injini ikulira. Ikafika 0.5 V, ma diode a alternator akudontheza, ndipo phokoso la magetsi lotere limasokoneza masensa.

ABS imakhala ndi mafyuzi awiri kapena atatu: yaing'ono ya kiyi yodzutsa module, yokulirapo ya mavalavu, ndipo pa mabuleki a mafuta palinso yaikulu ya pampu. Musangoiona ndi maso. Yezani mbali zonse ziwiri ili m'malo mwake, muizulenso muone ngati miyendo yake yada kapena pulasitiki yasungunuka. Fyuzi ya mavalavu ikapsa, module imayankhabe makina, ndiye anthu amaiwala kuiyang'ana.

4. Yezani magetsi ndi earth pa pulagi ya module, babu likukoka

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, ndipo ndi pomwe mamodule abwinobwino amatayidwira.

Mita ya digito sikoka magetsi oti n'kutchula. Waya wa tinsinga tambiri ukhoza kuwola n'kutsala kamodzi kokha, mita n'kumawerengabe 12.6 V, ndipo pa ma ohm n'kumalira ngati waya ndi wangwiro. Koma module ikayesa mavalavu potsegula kiyi, kapena pampu ikafuna ma amp makumi angapo, kansinga kamodzi kaja sikangathe. Magetsi amagwa kwa kanthawi kochepa kwambiri, module imazima n'kudzukanso, ndipo imalemba kuti relay yake (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) kapena mkati mwake mwalakwika. Ndiye waya muuyese atanyamula katundu.

Chitani motere. Tsekani kiyi, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, zulani pulagi ya module. Pa chithunzi cha mawaya pezani mapini onse a magetsi a batire, a kiyi ndi a earth. Earth nthawi zambiri imakhala yoposa imodzi, ndipo iliyonse iyesedwe payokha. Lumikizani babu la 55 W pakati pa pini ya magetsi ndi pini ya earth ya pulagi yomweyo. Babu limeneli limakoka pafupifupi 4.5 A pa 12 V. Pa thiraki ya 24 V gwiritsani babu la 24 V la 70 W, lomwe limakoka pafupifupi 3 A. Pa pini ya kiyi, yomwe fyuzi yake ikhoza kukhala ya 5 A yokha, ikani babu laling'ono la 21 W kuti musaipsereze.

Babu liyenera kuwala ngati lalumikizidwa ku batire. Koma diso limanama, choncho yezani likuyaka. Ikani mita pa DC, chingwe chimodzi pa mutu weniweni wa negative wa batire, china pa pini ya earth. Mita ikuonetsani magetsi omwe akutayika m'njira yobwerera, ndipo asapitirire 0.2 V. Kenako chingwe chimodzi pa mutu wa positive, china pa pini ya magetsi. Apa asapitirire 0.5 V. Mudzafunika waya wautali wowonjezera kuti mufike ku batire. Musagwiritse chassis ngati poyezera, chifukwa mwina chassis yomweyo ndi yomwe yasiyana ndi batire.

Mukapeza 1 V kapena kuposa, tsatirani waya kubwerera m'mbuyo, polumikizira paliponse, babu likuyakabe. Pamene nambala yagwa mwadzidzidzi, vuto mwalidutsa. Kawirikawiri limakhala pa bauti ya earth pa chassis. Imasuleni, palani mpaka chitsulo chiwale, onani ngati mkati mwa kachitsulo kopanira waya mwabiriwira, dulani mpaka mupeze kopa wowala, panani katsopano, mangani, ndiye pakani zoteteza ku dzimbiri pamwamba. Penti kapena girisi wokhala pansi pa kachitsuloko ndiye amayambitsa vuto lomweli. Musaiwale lamba wa earth wochoka ku kabu kupita ku chassis. Kabu imakhala pa ma raba, ndipo module ya mu kabu imadalira lamba ameneyu.

Babu lili chiyakire, gwedezani mtolo wa mawaya m'malo momwe umapinda: pa hinji ya kabu yopendama, podutsa khoma la injini, pomwe wakhudza chassis. Likaphethira, mwapeza.

Tsopano pulagi yeniyeniyo. Iunikeni ndi tochi. Zobiriwira kapena zoyera ngati ufa ndi madzi. Pini yobwerera mkati imadziwika chifukwa imafupika poyerekeza ndi zinzake. Chobisika kwambiri ndi pini yaikazi yomwe yatanuka. Tengani pini yaimuna ya saizi yomweyo, kuchokera ku pulagi yakale, muilowetse m'bowo lililonse n'kuikoka. Muyenera kumva ikugwira. Yolowa ndi kutuluka mosakanirira isinthidwe. Ndipo musakankhire nsonga ya mita m'mabowo amenewa, chifukwa ndi mmene mapini ambiri amatanukira. Munthu amabwera ndi vuto limodzi n'kubwerera ndi awiri.

Madzi amayendanso mkati mwa waya. Akalowa pa pulagi ya sensa kumunsi, amakwera pakati pa tinsinga mpaka kukafika mu module. Mukapeza chinyezi pa mapini a sensa okha pomwe module ili pouma, sinthani waya wonsewo, apo ayi module yatsopano idzanyowanso.

5. Masensa: yambirani pa pulagi ya module

Pulagi idakali yozula, yezerani masensa pompo. Mukatero mwayeza sensa ndi waya wake wonse nthawi imodzi, ndipo mupita ku wilo pokhapokha nambala ikalakwika.

Mathiraki a mpweya ambiri ali ndi sensa ya koyilo ndi maginito, yomwe imapanga yokha magetsi a AC. Ya WABCO iwerenge 900 mpaka 2000 ohm, ya Bendix WS-24 1500 mpaka 2500 ohm. Yerekezani kumanzere ndi kumanja. Kenako yezani waya uliwonse wa sensa ndi chassis, ndipo pasakhale njira konse. Ma ohm abwino satsimikiza kuti sensa ikuwerenga, choncho kwezani wilo, ikani mita pa AC, zungulitsani wilo theka la mzungulo pa sekondi. WABCO imafuna 0.2 V kapena kuposa, Bendix 0.25 V.

Magetsi akachepa, kawirikawiri sensa yangobwerera m'mbuyo. Sensa yotere simangidwa ndi bauti, imagwidwa ndi kachitsulo kotanuka m'bowo lake. Ikankheni ndi dzanja kapena kamtengo kosasongoka mpaka ikhudze mphete. Wilo likayenda imadzipatsa yokha mpata woyenera. Osaimenya ndi hamala, osaikoka pa waya. Ikalowa mofewa kwambiri, kachitsulo kaja katha mphamvu. Ikani katsopano ndi girisi wopirira kutentha amene amabwera ndi sensa.

Ikabwereranso patapita masiku ochepa, chilipo chikuikankha. Gwedezani wilo muone beringi. Habu yogwedera imamenya sensa pa kona iliyonse. Mphete yokhala mopendama imachitanso chimodzimodzi, ndipo WABCO imalola kupendama kosaposa 0.2 mm. Onaninso mano ngati adzaza matope ndi zitsulo zopalika, ngati ena athyoka, komanso ngati habu inasinthidwa posachedwa n'kubwera ndi mphete ya mano ochuluka mosiyana. Matayala osiyana kwambiri kukula pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo amabweretsa khodi yofanana.

Njira yachidule ngati mukukayika: sinthanitsani mapulagi a sensa yamanzere ndi yamanja pomwe mawaya akufikirana. Khodi ikasamukira mbali inayo, vuto lili ku wilo. Ikakhala pomwepo, lili mu waya wopita ku module kapena mu module. Mukatha, bwezerani msanga mmene zinalili. Polumikiza waya woduka, mawaya awiriwo akhalebe opotana, ndipo powamangirira ku payipi ya mpweya musathinitse kwambiri. Payipi imafufuma mukaponda buleki, ndipo m'kupita kwa nthawi imadula waya mkati khungu lili bwinobwino.

Mapikapu ndi mathiraki ang'onoang'ono atsopano ali ndi sensa yolandira magetsi kuchokera ku module, yomwe imayankha posinthasintha pakati pa 7 mA ndi 14 mA. Imeneyi musaiyeze ma ohm, nambala yake siikuuzani kanthu. Onani ngati magetsi akufika pa pulagi yake kiyi ali wotsegula, kenako werengani liwiro la wilo pa makina mukulizungulitsa. Pa ina mphete ndi ya maginito yokhala pa chisindikizo cha beringi, ndipo beringi yolowetsedwa chotembenuza imasiya sensa ilibe chowerenga.

Pali vuto lina lomwe silibweretsa khodi: ABS kugunda pa phazi pamene mwatsala pang'ono kuima, msewu uli wouma. Linadziwika kwambiri pa Chevrolet Silverado ndi GMC Sierra a 1999 mpaka 2002. Dzimbiri limamera pansi pa sensa yakutsogolo n'kuinyamula, uthenga umazimirira pa liwiro lochepa, module n'kuganiza kuti wilo lagwira. Mankhwala ake ndi kuchotsa sensa, kutseka bowo, kupala pokhalira pake mpaka pasalale, kubwezera, n'kuona kuti ikupereka 350 mV AC kapena kuposa. Module ilibe mlandu apa.

6. Mavalavu ndi pampu

Valavu ya ABS ya mpweya ili ndi makoyilo awiri, yotseka mpweya wolowa ndi yotulutsa, pa mapini atatu. Kuchokera pa pini yogawana kupita ku iliyonse, WABCO ya 12 V iwerenge 4 mpaka 9 ohm, ya 24 V 11 mpaka 21 ohm, ndipo Bendix M-32 4.9 mpaka 5.5 ohm. Pakati pa mapini awiri a makoyilo mupeza nambalayo kawiri. Yezerani pa pulagi ya module monga munachitira ndi masensa, muonenso kuti mawaya awiri a makoyilo sakukhudza waya wa magetsi kapena chassis penapake m'njira.

Apa samalani. Koyilo ya shoti kapena waya wa valavu wokhudza chassis ukhoza kupsereza mbali ya module yomwe imaiyendetsa. Zikatero module yafadi, koma chomwe chinaipha chidakalipo, chikudikira yatsopano.

Bwezerani pulagi, dzazani mpweya, pondani buleki, tsegulani kiyi. Mumva mavalavu akupuma mmodzimmodzi, phu, phu. Imani pambali pa thiraki wina akutsegula kiyi, mumve yomwe yakhala chete. Valavu yomwe ikutaya mpweya mosalekeza buleki ili yopondedwa yalowa zinyalala kapena yang'ambika mkati. Imeneyo ndi ntchito yosintha valavu ndi kuyang'ana chowumitsa mpweya, chifukwa madzi ndi oyilo wa kompuresa ndi zomwe zimaiwononga.

Pa mabuleki a mafuta, pampu yolira kiyi ali wotseka ndi chizindikiro cha relay yomwe yamatirira mkati mwa module. Zulani fyuzi ya pampu mota isanapse ndi kumaliza batire. Pampu yosalira konse, ngati mota ili ndi pulagi yakeyake kunja, ipatseni magetsi mwachindunji kudzera pa waya wa fyuzi kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Ikalira, mota ili bwino.

7. Module ikapanda kuyankha makina

Mukatsimikiza sitepe 4, yezani mawaya awiri a CAN, omwe makompyuta a thiraki amalankhulirana. Zulani batire, ikani mita pa ma ohm pakati pa CAN H ndi CAN L: mapini C ndi D pa pulagi yozungulira ya mapini 9, kapena 6 ndi 14 pa pulagi ya OBD. Muyenera kupeza 60 ohm, chifukwa kumapeto onse awiri kuli resistor ya 120 ohm. Mukapeza 120, imodzi yasowa kapena waya waduka. Mukapeza 40, wina anawonjezera yachitatu. Nambala yoyandikira 0 ndi mawaya okhudzana. Pa magalimoto ena pulagi yoyezera ili kuseri kwa kompyuta ina yogawa mauthenga, choncho bwerezani pa pulagi ya module yeniyeniyo. Yambani kukayikira pomwe panalumikizidwa zowonjezera monga tracker, chifukwa oika zimenezi amakonda kusenda mawaya awiri omwewa.

8. Kugamula, ndi kukonza ngati n'kotheka

Module ndi yolakwa ngati magetsi ndi earth zapirira babu, mapini akugwira, masensa ndi mavalavu awerenga bwino kuchokera pa pulagi yake, CAN ili pa 60 ohm, koma khodi ya mkati ikubwerera mukangofufuta, kapena sikuyankhabe, kapena ikukana kuona sensa yomwe mwatsimikiza kuti uthenga wake ukufika pa pini.

Kutsegula n'kukonza kumatengera mtundu. Kelsey-Hayes 325 ya pa mathiraki a Chevrolet ndi GMC aja imadziwika ndi khodi C0265. Mbali ya magetsi imachoka ndi tizikuluwu tinayi ta Torx T20 popanda kumasula mapayipi a mafuta. Yambani mwakonza earth yake pa chassis, chifukwa nayo imabweretsa khodi yomweyo. Ikabwererabe, dulani chomatira cha chivundikiro mosalowetsa mpeni kwambiri, muyang'ane ndi galasi lokuza pa miyendo ya relay ndi mapini akuluakulu a magetsi. Mudzaona kamng'alu kozungulira mwendo ngati mphete. Chotsani solder yakale, pakani flux, ikani yatsopano ndi chitsulo chotentha mokwanira, chifukwa miyendo ikuluikulu imamwa kutentha ndipo solder yozizira imang'alukanso. Tsekani ndi silicone yosanunkha viniga. Yonunkha viniga imadya kopa.

Mamodule ambiri a Bosch, monga 5.3 ndi 5.7, ndi ena. Mkati muli bolodi lokutidwa ndi zonga phala loonekera, lolumikizidwa ku mapini ndi timawaya ta aluminiyamu tocheperachepera. Solder wamba sagwira pamenepo, ndipo kukhudza phalalo ndi kudula timawaya tina. Imeneyo ipite kwa okonza amene ali ndi makina ake. Module yomwe yalowa madzi mpaka bolodi kubiriwira, kapena yomwe yapserera, musalimbane nayo. Ingagwire lero n'kukusiyani pa mtsetse thiraki ili ndi katundu. Mamodule a mathiraki akuluakulu ambiri amangosinthidwa.

9. Kuika ina

Nambala ya pa chizindikiro ifanane, osati maonekedwe okha. Onani 12 V kapena 24 V, 4S/4M kapena 6S/6M, komanso ngati ili ndi zoletsa mawilo kuterereka ponyamuka. Zulani batire musanalumikize.

Module yochotsedwa pa thiraki ina imakumbukira kwawo. Ya WABCO ikakhala kuti inazolowera retarder (chothandiza kuchepetsa liwiro popanda mabuleki a mawilo) kapena masensa a ekiselo yachitatu, idzadandaula kuti zasowa mpaka muikonzenso kuti iphunzire thiraki yanu. Zatsopano zambiri zimafuna kulembedwa VIN (nambala ya chassis), kukula kwa matayala ndi chiwerengero cha mano, ndipo ngati pali zothandiza kuti thiraki isagubuduke, sensa ya chiwongolero iyenera kuphunzitsidwanso pakati pake. Pa mathiraki a EBS (mabuleki olamulidwa ndi kompyuta) monga a Volvo, Scania, MAN ndi Mercedes-Benz Actros, module ndi gawo la mabuleki a tsiku ndi tsiku, ndipo popanda makina olembera zoyenera thirakiyo musayambe n'komwe.

Ngati mwasintha chipika chonse cha mabuleki a mafuta, kutulutsa mpweya kwa masiku onse sikukwanira. Mpweya umabisala kuseri kwa mavalavu otseka. Tulutsani pa mawilo kaye, lamulani makina ayendetse pampu ndi mavalavu, tulutsaninso kachiwiri ndi mafuta atsopano a DOT yolembedwa pa chivundikiro. Mukadumpha izi, pedulo imalimba m'garaja n'kudzafewa tsiku lomwe ABS idzagwire ntchito koyamba.

Ndipo aliyense wowotcherera pa chassis azule mapulagi a module, osati batire lokha.

10. Kuyesa komaliza

Musanatsitse jeke, zungulitsani wilo limodzi n'kuona pa makina kuti lomwe likuonetsa liwiro ndi lomwelo. Kenako wina aponde buleki, lamulani valavu ya wilo limenelo imasule, muone kuti wilo lomwelo ndi lomwe lamasuka. Chitani choncho mawilo onse. Mapulagi osinthana kumanzere ndi kumanja sayatsa nyali pamene thiraki yaima, koma pa buleki yadzidzidzi module imamasula wilo lomwe likugwira bwino n'kusiya lomwe likukhwekhwereza.

Fufutani makhodi. Pa WABCO nyali imakhalabe yoyaka mutakonza sensa mpaka thiraki idutse 6 km pa ola, ndipo mitundu ina imafuna liwiro lokwererapo, choncho musathamangire kumasulanso. Yendani molunjika wina akuyang'ana makina. Mawilo onse awerenge mofanana, ndipo poima atsike limodzi mpaka pansi. Lomwe lagwera pa 0 anzake akadali pa 8 kapena 10 lidakali ndi mpata waukulu. Pomaliza, pamalo otakasuka a dothi kapena miyala ing'onoing'ono popanda anthu, pondani mwamphamvu pa 30 km pa ola. Pa mabuleki a mpweya mumva mavalavu akupuma mofulumira, pa a mafuta pedulo injenjemera pansi pa phazi. Zimitsani, tsegulaninso kiyi, werenganinso makhodi.